Nyali Yofiira Itazima

Mayi Mwadzuka anayamba kukonza pabalaza m'mamawa ngati kukubwera alendo ochokera kutali. Anapukuta kanema wawo mpaka galasi lake linachita kunyezimira, anayala kansalu katsopano patebulo, natulutsa makapu amene ankangoonekera pa ukwati. Komatu alendo ake anali awiri okha: mwana wawo wamkazi, telala wa pafupi ndi msika, ndi mdzukulu wawo wa kusekondale. Telalayo atafika anakhala pampando wapafupi ndi khomo, chikwama chili pamiyendo, monga ankachitira nthawi zonse akabwera kwa mayi ake. Munthu ukamuona unkangoti akudikira basi.

Dzina lawo lenileni mayiwa anthu analiiwala kalekale. Iwo ndiwo anali mkazi woyamba kuwerenga nkhani pa wailesi, masiku amene amuna ankalumbira kuti mawu a mzimayi sangalengeze zinthu za boma anthu n'kukhulupirira. M'mawa uliwonse ankayamba ndi moni wawo uja wakuti, “Mwadzuka bwanji nonse, kulikonse kumene muli?” ndipo dzina linachokera pomwepo. Wailesi yakanema itabwera, nkhope yoyamba ya mkazi imene anthu anaiona inali yawonso. Tsopano anali atapuma ntchito, tsitsi litachita mbuu, ndipo madzulo a Lamulungu limenelo kanema ankaonetsa pulogalamu ya moyo wawo.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Anaonetsa zithunzi zakale, mayiwo ali mtsikana, atakhala kutsogolo kwa chimaikolofoni chachikulu ngati papaya.

“Agogo, tsitsi limeneli munkalowa nalo bwanji pakhomo?” anafunsa mdzukulu uja akuseka chikhakhali.

“Iwe, linali la mafashoni limenelo! Anyamata ankagunda mitengo pondiyang'ana.”

Ngakhale telala uja anamwetulira pang'ono, ndipo Mayi Mwadzuka ataona kumwetulirako mtima wawo unakhala m'malo. Panali patapita zaka asanamuone akumwetulira.

Kenako nyimbo ya pulogalamuyo inasintha, n'kukhala ya chisoni ngati ya pamaliro. Kanema anaonetsa Mayi Mwadzuka atavula nsapato, kapu ya tiyi ili m'manja, misozi ikutsika m'masaya. Sankayang'ana kamera ayi. Ndipo mawu awo, omveka bwino ngati kale, anadzaza pabalaza ponse:

“Ndinkakonda maikolofoni kuposa mwana wanga.”

A kanemawo anabwereza mawuwo kachiwiri, kuti amene anali kukhitchini asadandaule kuti zamupita. Kenako anaonetsa nkhope ya wofunsa mafunso akugwedeza mutu mwachifundo.

Telala uja anaimirira pang'onopang'ono, nakoleka chikwama paphewa.

“Zikomo, Amayi,” anatero mosakweza mawu. “Ine ndakhala ndikudziwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mungandiitane, n'kundikhazika pampando, kuti ndidzamve pamodzi ndi dziko lonse.”

“Mwananga, sindinanene choncho! Dikira ndikufotokozere.”

“Ndiye amene walankhula uja ndani? Mlomo uja si wanu?” Anatembenukira kwa mwana wake. “Tiye, iwe.”

Mtsikanayo anayang'ana agogo ake, nayang'ana mayi ake, n'kutsatira mayi ake. Chitseko chinatsekedwa bwinobwino, popanda kumenyetsa, ndipo kutseka kotereku kunawapweteka mayiwo kuposa phokoso.

Bala limeneli linali lakale. Telalayo ali mwana wa zaka zochepa anadwala chifuwa chobanika, n'kugonekedwa m'chipatala. Kutacha m'mawa, mwana akupuma movutikira, mayi ake anamusiya m'manja mwa azakhali ake n'kuthamangira ku wailesi. Abwana a nthawi imeneyo anali atawauza poyera kuti tsiku limene adzajombe chifukwa cha mwana, mpando udzabwerera kwa mwamuna ndipo palibe mkazi adzaukhalenso. Mwana anachira, koma anakula ndi nkhaniyo mumtima. M'nyumba mwake munalibe wailesi, ndipo mayi ake ankawachezera ngati mmene munthu amachezera aneba atsopano. Kuti abwere Lamulungu limenelo, mayi ake anachita kumuchonderera.

Mayi Mwadzuka anazimitsa kanema, nakhala pansi. Chisoni chinali pomwepo, inde, koma pamwamba pake panakwera mkwiyo. Wofunsa mafunso wa nkhope yachifundo uja sanali mlendo. Anali Nthenga.

Nthenga anafika pa wailesi ali kamtsikana kamanyazi, mawu ake opepuka moti maikolofoni ankachita kuwasakasaka, n'chifukwa chake anamupatsa dzina limeneli. Amuna a muofesi ankafuna kumubweza tsiku lomwelo. Mayi Mwadzuka ndi amene anamugwira dzanja. Anamuphunzitsa kupumira m'mimba, kuwerenga osathamanga, ndi kudula tepi ndi lezala. Ankamuuza kuti, “Uzidula chifuwa ndi chibwibwi, osati maganizo a munthu.” Anamuphunzitsanso lamulo la nyali. Pamwamba pa chitseko cha situdiyo panali nyali yofiira. Ikayaka, palibe wotsegula chitseko, palibe wotsokomola, ndipo chilichonse chimene wanena n'cha dziko. Ikazima, zimene munthu walankhula ndi zake. Nduna zinkalira m'chipinda chimenecho nyali itazima, oimba ankanyoza abwana awo, koma palibe chinatulukapo panja.

Tsiku lojambula pulogalamu ija, mafunso atatha, Mayi Mwadzuka anayang'ana pamwamba pa chitseko monga mwa chizolowezi chawo. Nyali inali itazima. Wojambula anatuluka, amvekere akukamwa madzi. Mayiwo anavula nsapato chifukwa zinkawathina, ndipo Nthenga, amene tsopano anali mkulu wa mapulogalamu, anawatengera tiyi yekha ndi manja ake.

“Mayi, pano tatsala awiriwiri,” anatero atawagwira bondo. “Ntchito imeneyi inakulandani chiyani?”

Munthu akafunsidwa ndi mwana amene anamulera yekha, amabisa chiyani? Anamufotokozera za chipatala chija. Anati, “Azilamu anga ankanena, ndipo mwana wanga amakhulupirira mpaka lero, kuti ndinkakonda maikolofoni kuposa mwana wanga. Mulungu ndi mboni, sizinali choncho. Tsiku limene lija ndinawerenga nkhani misozi ikugwera papepala, ndipo sindikumbuka ngakhale liwu limodzi limene ndinawerenga.”

Anali ataiwala kamaikolofoni kakang'ono kamene kanali kadakali pakolala. Sankadziwanso kuti makamera a masiku ano sapempha chilolezo kwa nyali ya pachitseko.

Lolemba m'mawa anaimbira foni mwana wawo, koma inangolira mpaka kuduka. Anavala nsapato zothina zomwe zija, nauyamba wa ku wailesi. Mubasi, anyamata awiri a kumbuyo ankaonera kachidutswa kaja pafoni, wina atakaikira kale kanyimbo koseketsa. Mzimayi amene anakhala nawo pafupi anawayang'anitsitsa, kenako anakumbatira mwana wake n'kutembenukira kuwindo. Pageti, mlonda amene anawatsegulira zaka zambirimbiri anawapatsa moni maso ali pansi.

Nthenga anawalandira ndi manja awiri mu ofesi yake ya magalasi.

“Mayi! Bwenzi mutangoimba, ndikanakutumizirani galimoto. Mwaona mmene anthu akukambira za inu? Mafoni sakupuma kuno!”

“Khala pansi, Nthenga.”

Anakhala, kumwetulira kuja kukuchepa.

“Mawu anga unawatani?”

“Mawuwo ndi anu, Mayi. Sindinawonjezerepo kanthu.”

“Sunawonjezere, unadula. Unadula mutu, unadula miyendo, n'kutenga chapakati kukaonetsa anthu kuti ndi ine. Ndinakuphunzitsa ndine zimenezi?”

“Mayi, nthawi inasintha. Ana a masiku ano sakudziwani. Tikanangoonetsa zithunzi zakale ndi kuyamikira, ndani akanaonera? Lero dzina lanu lili pakamwa pa aliyense. Kunena zoona, ine ndimaganiza kuti mundithokoza.”

“Nyali inali itazima.”

Nthenga anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akulankhula ndi nkhalamba yosokonezeka. “Nyali ija, Mayi? Timayatsa pa mapulogalamu oulutsidwa pompopompo basi. Kupatula apo ndi yokongoletsa chabe.”

Mawu amenewa anawalasa mpaka m'mafupa. Anamuyang'ana mwana amene ankagawana naye mkate wa masana, amene anamubwereka diresi tsiku lake loyamba kuonekera pa kanema, ndipo sanamuzindikire.

“Mwana wanga anali pabalaza panga,” anatero. “Anamva zonse. Ndipatse mawu angawo onse, osadula, ndikamumvetsere.”

“Pepani, zotsala timafufuta tikamaliza. Makompyuta amadzaza.” Nthenga anaseweretsa cholembera, kenako maso ake anawala. “Koma mukudziwa? Bwerani mawa pa pulogalamu ya m'mawa. Imeneyo imapita pompopompo, palibe angadule kanthu. Mudzanene zonse zimene mukufuna, mwana wanu adzamve.”

Mayi Mwadzuka anaona bwinobwino kuti Nthenga akufuna kukama ng'ombe yomweyo kachiwiri. Komabe anavomera. Pobwerera kunyumba ankasanja mawu mumtima mmene ankasanjira nkhani kale. Ayamba ndi kumuvula Nthenga pamaso pa dziko, aliyense adziwe zimene anachita. Akamaliza, ayang'ana kamera n'kumuuza mwana wawo zoona zake. Pa maikolofoni palibe anawagonjetsapo, ndiye angagonje kwa kamtsikana kamene anakaphunzitsa okha kupuma?

M'mawa mwake anawakhazika pampando wofewa pansi pa magetsi otentha. Mtsikana wina anawapaka paudala kumaso, wina anawakoleka kamaikolofoni pakolala. Wojambula uja, amene tsiku lija anakamwa madzi osazimitsa kamera, ankapukuta galasi la kamera yake mosalekeza kuti maso awo asakumane. Nthenga anapita pakona n'kumunong'oneza kanthu. Makutu a Mayi Mwadzuka anali atayamba kulemera, koma munthu amene wagwira ntchito moyo wake wonse kuseri kwa galasi la situdiyo amamva ndi maso. Anawerenga milomo ya Nthenga mosavuta: “Akayamba kulira, uyandikitse.”

Nyali yofiira inayaka.

Nthenga anapereka moni kwa oonera ndi mawu okoma ngati uchi, mawu amene mayiwo anawaumba okha. Anakumbutsa anthu zimene anamva Lamulungu, kenako anatembenuka, nkhope itavala chifundo chija.

“Mayi, mwina mwana wanu akutionera panopa. Yang'anani kamera iyo, mumuuze zimene zili mumtima mwanu.”

Mayi Mwadzuka anakokera mpweya m'mimba, nayang'ana kamera. Diso lake lakuda linayamba kusendera pafupi. Mawu onse anali okonzeka palilime, akuthwa bwino.

Koma m'diso limenelo munalibe mwana wawo. Nthawi ngati imeneyo iye amakhala ataweramira makina ake osokera, m'kashopu kopanda wailesi, kopanda kanema. Akanamva ndani? Anyamata a mubasi aja, mzimayi wa pawindo uja, ndi anthu miyandamiyanda amene akumwa tiyi akudikira misozi ya nkhalamba. Pamenepo chinthu china chinawabaya kuposa zimene Nthenga anachita. Mawu aja, akuti anawerenga nkhani akulira, anamuuza Nthenga, mwana wa eni. Mwana wawo wobereka okha sanamuuzepo. Zaka zonsezi ankadikira kuti angomvetsa yekha. Ndipo lero, atafuna kulankhula naye, athamangiranso kuti? Ku maikolofoni.

Mu situdiyo munali chete, chete amene pa wailesi amamuopa kuposa moto. Mayi Mwadzuka sanalolepo chete wotere pa ntchito yawo yonse.

“Mayi?” anatero Nthenga, kumwetulira kukugwedera.

Mayiwo anamasula kamaikolofoni pakolala, koma asanakaike patebulo anakayandikitsa pakamwa.

“Nthenga, mawu amene unadula aja si a anthu awa. Ali ndi mwini wake. Ndikukamupatsa.”

Anakaika pansi bwinobwino, naimirira.

“Mayi, tili pa mphepo! Anthu akutionera!” Nthenga ananong'ona mwamantha, dzanja lili pakhutu pamene abwana ake ankamukalipira.

“Lankhula nawo. Ndinakuphunzitsa.”

Anayenda kudutsa zingwe za pansi mpaka pachitseko. Nyali yofiira inali ikuyaka pamwamba pake. Dzanja lawo linazengereza, chifukwa lamulo la moyo wonse silichoka m'thupi tsiku limodzi. Kenako anatsegula. Kumbuyo kwawo Nthenga anayamba chibwibwi, mawu ake atabwerera kupepuka kwa tsiku lake loyamba, ndipo kamera inangotsala ikuloza mpando wopanda munthu.

Shopu ya mwana wawo inali pakati pa ometa tsitsi ndi wogulitsa zitsulo. Mayi Mwadzuka ankaidziwa pongodutsa, koma anali asanalowemo. Akuyandikira, ometa tsitsi aja anatuluka, lumo lili m'manja.

“Mayi, ndi inu ndithu? Takuonanitu pa kanema wathu uyu! Mwamusiya mtsikana uja akusambira yekha. Anthu akuimba mafoni kufunsa kuti anadula mawu otani, iye akungoti tibwerera pambuyo pa malonda.”

Mayiwo anangowagwedezera mutu, nalowa m'kashopu kaja. Munali mopanikiza, nsalu zili m'mashelefu mpaka kudenga, madiresi a sukulu atapachikidwa pachingwe, tizidutswa tili mbwee pansi. Telala anali pa makina, tepi yoyezera ili m'khosi, phazi likupalasa. Sanadzutse mutu.

“Ometa tsitsiwo anandiitana kuti ndidzaone,” anatero, maso ali pa singano. “Ndinapeza mpando wokha.”

“Ndachokapo.”

“Mwachokapo nyali ikuyaka?”

“Ikuyaka.”

Makina anachepetsa liwiro pang'ono, kenako anayambiranso. Ngakhale mwana amene ankadana ndi wailesi ankalidziwa lamulo la nyali. Anakulira pabenchi la panja pa situdiyo, akudikira kuti izime.

Munalibe poti n'kukhala. Kampando kokhako kanali ndi mulu wa nsalu, choncho Mayi Mwadzuka analankhula ali chiimire, nsapato zikuwaluma. Ananena mawu onse, kuyambira mutu mpaka miyendo: za azilamu, za abwana aja, za misozi imene inagwera papepala. Sanawasanje ngati nkhani. Anachita chibwibwi, anabwereza, anatsokomola, ndipo panalibe wodula. Foni inalira m'chikwama. Anaitulutsa, naona kuti ndi Nthenga, n'kuizimitsiratu.

“Ndikanayenera kukuuza iwe kalekale,” anamaliza motero. “Ndinakauza munthu wapadera, ndipo wandigulitsa. Koma kukusiya m'chipatala muja ndinakusiyadi. Pamenepo palibe anandidulira mawu.”

Telala anasoka mpaka kumapeto kwa mzere, nadula ulusi ndi mano.

“Anamwino anali ndi kawailesi pawindo,” anatero potsiriza. “Ndinakumvani m'mawa umene uja. Ndinkalephera kupuma, azakhali akundipemerera ndi nsalu, ndiye ndinamva mawu anu. Ndinaganiza kuti mwabwera. Ndinatembenuka kukufunani.” Anawayang'ana kumaso. “Munafunsa dziko lonse kuti ladzuka bwanji, Amayi. Ine simunandifunse.”

Panja ometa tsitsi anali akusekabe ndi makasitomala awo, ndipo wa zitsulo ankakhoma chinachake. Mayi Mwadzuka anasendera pafupi ndi makina. Mawu amene anatuluka sanali a pa wailesi aja. Anali aang'ono, osasa, okwanira munthu mmodzi.

“Wadzuka bwanji, mwananga?”

Phazi lija linachoka pa makina. Telala anayang'ana nsalu imene inali m'manja mwake. Kenako anaimirira, nanyamula mulu uja pakampando, n'kuuika pashelefu.

“Sindinadzuke bwino, Amayi,” anatero, misozi ikulengeza. “Vulani nsapatozo, mukhale pansi, ndikuuzeni.”